Ufa wotsala m'modyera nkhuku zoikira musamautaye

Alimi ambiri a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amadandaula chimodzimodzi: chakudya agula chodula, koma mazira akuchepa, ena akutuluka ndi chigoba chofewa chongophwanyika m'manja. Musanaimbe mlandu wogulitsa, kasuzumireni m'modyera madzulo. Mukapeza misere yonse yatha, pansi patsala ufa wokhawokha, vuto lagona pamenepo.

Nkhuku imadya ndi maso. Imathamangira tizidutswa tachikasu ta chimanga, zotsalazo n'kumazipalasa ndi mlomo. Chikhalirecho mu ufa womwe ikusiyawo ndi momwe mwadzaza mavitamini, mchere ndi laimu wolimbitsa chigoba. Mukamathira chatsopano pamwamba, kapena kukakhuthula ufawo kudzala, nkhuku zanu zikukhalira chimanga chokha. Zinenepa ndithu, koma mazira mudzawasowa. Zazikulu ndi zaukali ndizo zimayamba kutola misere, choncho khola limodzi lomwelo mumapezeka zonona ndi zowonda.

Ndikulimbikitsa chinthu chimodzi kuposa zonse: kamodzi pa tsiku, chakumasana, modyera muzitheratu psiti. Zisiyeni ola limodzi kapena awiri zinyambite ufawo, kenako muthire. Musachite mantha kuti mukuzizunza, njala yapang'onoyo siziphetsa. Gawo lalikulu la chakudya muzipereka masana dzuwa litapendeka, chifukwa chigoba cha dzira la mawa chimapangika usiku. Ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, kumene dzuwa limaswa mtengo, nkhuku zimadya bwino m'mamawa ndi madzulo, ndipo madzi ozizira asamasowe m'momwera.

Musadzaze modyera mpaka pakamwa. Gawo limodzi mwa magawo atatu ndi lokwanira, ndipo mupachike molingana ndi msana wa nkhuku kuti isamwaze. Ufa ukakanikabe, uwazeni timadzi pang'ono kuti ugwirane. Zimaudya mwachangu, koma konzani wongotha nthawi yomweyo, chifukwa wonyowa ukagona umasasa n'kuchita chuku.

Pogula, onani kuti pathumba palembedwa "poedeiras", kutanthauza nkhuku zoikira m'Chipwitikizi, ndipo werengani kapepala kosokerera pakamwa pa thumbalo. Mapuloteni akhale 16 mpaka 18 pa 100, kashiamu, amene amachokera mu laimu uja, 3.5 mpaka 4 pa 100. Chakudya cha nkhuku zanyama chilibe laimu wokwanira zoikira. Pisani dzanja m'thumba, mununkhize. Chogwirana mibulu chifukwa cha chinyezi kapena chonunkha chuku chisiyeni ngakhale atakutsitsirani mtengo. Chopangidwa ngati timibulu touma tofanana kukula chimachepetsa kusankha, ngati chikupezeka kwanuko.

Nkhuku imodzi imadya magalamu 110 mpaka 120 pa tsiku, ndiye thumba la makilogalamu 50 limakwanira nkhuku 100 masiku anayi. Likamatha msanga, fufuzani makoswe ndi chomwazika pansi. Misoti muyambe kuipatsa chakudyachi ikamayandikira masabata 18, mukusakaniza ndi chakale kwa sabata imodzi.

Chimene chimandiwawa ndi kuona mlimi akuthira gaga kapena chimanga m'chakudya chogula kuti chichuluke. Kutero n'kusukulutsa zomwe mwalipira ndi meticais anu. Amene mumadzisakanizira nokha, poti chimanga ndi soya kuno n'zathu, kazingani soya musanagayitse, chifukwa wamuwisi sagayika bwino m'mimba mwa nkhuku. Kuchigayo auzeni kuti chimanga ndi soyayo azigaye pa sefa imodzi, zituluke zofanana kukula.