Galimoto yamenya dzenje? Umu ndi momwe mungaunikire kumiyendo yakumbuyo

Amene anadutsapo pa M5 pakati pa Salima ndi Nkhotakota nthawi ya dzinja akudziwa zomwe maenje amachita ndi galimoto. Ikangoyamba kukokera mbali imodzi, ambiri amathamangira kokachita alayimenti (kuwongola matayala kuti aloze moyenera). Musafulumire. Nthawi zina chovuta chimakhala kumbuyo, ndipo makina a alayimenti sangawongole chitsulo chopindika.

Choyamba, imikani galimoto pamalo athyathyathya, tsitsani katundu yense, ndipo popani matayala molingana ndi nambala zomwe zili pa kapepala komata pakhomo la dalaivala. Tayala lochepa mpweya palokha limakoketsa galimoto. Yang'ananinso ngati limu yapindika kapena tayala latupa m'mbali. Lotupalo musayendere, likhoza kuphulika.

Chachiwiri, tengani tepi muyeze kuchokera pakati pa limu kufika pamlomo wa bodi pamwamba pa tayala, kumanja ndi kumanzere. Mbali imodzi ikatsika kuposa sentimita imodzi ndi theka, kayikirani sipuling'i: mwina yathyoka kapena yatopa. Kenako, chiwongolero chili chowongoka, yezani kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, mbali zonse ziwiri. Zikasiyana kwambiri, china chake chasuntha.

Chachitatu, dinikizani ngodya yakumbuyo ndi mphamvu n'kusiya. Iyenera kukwera kamodzi n'kukhazikika. Ikamanjanja, shoko (chipangizo choletsa galimoto kudumphadumpha) yatha. Shoko yonyowa mafuta mpaka kutsetsereka nayonso yatha ntchito.

Tsopano gwirani tayala lenilenilo, chifukwa ndi limene limaulula zambiri. Yendetsani chikhatho pamwamba pake. Mukamva tizigwa ndi timapiri motsatizana, shoko yakhala ikulilola kudumphadumpha pamsewu. Likadyeka m'mphepete mwamkati mokha, kunja kuli bwinobwino, ndiye kuti lapendama. Ngati dzanja likutsetsereka popita mbali imodzi koma pobwerera mizere ikukanda, tayalalo likuyenda mokwekwereza, silinaloze kutsogolo. Gwadani ndithu musuzumire mkati, poti anthu ambiri amangoona kunja kokongola pamene mkatimo mawaya atulukira kale.

Chotsatira, tsekerani matayala akutsogolo, kwezani kumbuyo ndi jeke ndipo muyike zochirikizira zolimba. Chonde, musalowe pansi pa galimoto yomwe yangokhala pa jeke yokha. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Likamachita khokhokho, kapena likamalira polizunguza, ndi beling'i. Unikani mabushi (malabala a polumikizira zitsulo) ndi tochi: labala yosweka kapena yotuluka m'malo mwake ndi imene imachititsa phokoso la gugugu pa mabampu. Pomwe chitsulo chapindika, penti imasweka kapena dzimbiri limasendeka, ndiye fufuzani malo otero.

Pomaliza, pemphani mnzanu akutsatireni pamsewu wowongoka. Akaona galimoto ikuyenda chammbali ngati nkhanu, inu mutagwira chiwongolero chokhota, ekiselo yakumbuyo (chitsulo chimene matayala amamangidwapo) yasuntha. Kukokera pang'ono kumanzere kokha kusakudetseni nkhawa, misewu imamangidwa mopendekera kumbali kuti madzi azitsika.

Dziwani ichi musanapite kugalaja. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri ochokera ku Japan, monga Vitz, Passo, Note ndi Demio, kumbuyo kwake kuli chitsulo chimodzi cholumikiza matayala onse awiri, ndipo palibe mabawuti osinthira alayimenti. Chikapindika, n'chofunika kuchotsa ndi kuikapo china. Ena amachiwotcha ndi gasi n'kuchimenya ndi hamala. Ine sindingavomereze zimenezi pa galimoto yonyamula banja, chifukwa moto umafooketsa chitsulo.

Mashoko sinthani onse awiri pamodzi. Uzani amakaniko amange mabawuti a mabushi galimoto itatsika kale pa matayala ake, apo ayi labala imapotoka n'kung'ambika msanga. Zonsezi zikatheka ndiye mupite ku alayimenti, ndipo munene kuti ayeze matayala onse anayi, akuonetseninso manambala akumbuyo asanakhudze kutsogolo.