Kukonza nyimbo kuti ifike pamtima pa womvera

Nyimbo imagwira mtima pamene womvera akudikira chinachake, inu n'kumuchedwetsera pang'ono, kenako n'kumupatsa. Mu 2011, akatswiri a pa yunivesite ya McGill ku Montreal anapeza kuti ubongo umatulutsa dopamine, mankhwala a m'thupi okhudzana ndi chisangalalo, pamene munthu wachita tsembwe ndi nyimbo, komanso masekondi angapo asanafike pamenepo, akadali kuyembekezera. Choncho ntchito yaikulu ya wokonza nyimbo ndi kusamala kudikira kumeneku.

Yambani ndi liwiro, ndipo musaliyerekeze m'mutu. Ikani pa foni metronomu, pulogalamu yogunda pa liwiro limene mwasankha. Nyimbo yachisoni kapena yosinkhasinkha imakhala bwino pa kugunda 60 mpaka 76 pa mphindi, kufupi ndi mmene mtima umagundira munthu akapuma. Yoti anthu adzuke avine nthawi zambiri imafuna 120 kapena kupitirira. Ambiri amalakwitsa poikoka kwambiri nyimbo yachisoni. Oimba mpweya umawathera pakati pa liwu, mawu amayamba kutsika, ndipo omvera m'malo mokhudzidwa amangotopa.

Pa kiyibodi gwirani C, E ndi G, ndiye kuti do, mi, so. Tsopano tsitsani chala chapakati chokha chipite pa E♭, batani lakuda loyandikana ndi E kumanzere. Kuwala kuja kwachoka, mwalowa mu minor, kamvekedwe kokhala ngati kachisoni. Koma musadalire minor payekha, chifukwa mukamuthamangitsa ndi ng'oma anthu amavina ndithu. Chisoni chimamveka minor akakumana ndi liwiro lodekha komanso mawu ofewa.

Chida chomwe timachikonda kwambiri ndi noti yotsamira. Kumapeto kwa mzere, besi akhale pa do, soprano pa so, koma alto asafike msanga pa mi. Agwire fa kwa kugunda kuwiri, kenako atsikire pa mi pang'onopang'ono. Fa ameneyu amakhulana ndi so, khutu limamva ngati pali chopinga, ndipo akatsika chifuwa chimamasuka. Katswiri wa zamaganizo John Sloboda mu 1991 anafunsa anthu malo a m'nyimbo amene amawagwetsa misozi, ndipo ambiri mwa malowo anali ndi manoti otsamira oterewa. Vuto limakhala pa a alto. Akamva kukhulana kuja amaganiza kuti aphonya, n'kuthawira pa mi nthawi isanakwane. Aphunzitseni paokha kaye, kenako muwaphatikize ndi soprano yekha mpaka khutu lizolowere. Ndipo musaike notiyi pamzere uliwonse. Kawiri kapena katatu m'nyimbo yonse n'kokwanira.

Mphamvu musaimwaze yonse poyamba. Vesi loyamba likhale la munthu mmodzi ndi chida chimodzi. Besi alowe vesi lachiwiri, ng'oma zidikire kolasi, ndipo gulu lonse litsegule mawu kamodzi kokha, chakumapeto. Mukafuna kukweza mawu pang'onopang'ono, perekani mabala (timagulu ta kugunda toyezera nyimbo) asanu ndi atatu, ndipo bala loyamba liyambe chapansipansi kwenikweni. Oimba akangomva kuti kukubwera pokweza, amakweza pompo, n'kufika pachimake alibenso chowonjezera. Yang'aniraninso liwiro pamenepa, pakuti anthu akamakweza mawu amayambanso kuthamanga osadziwa.

Kolasi yomaliza isanalowe, siyani kugunda kumodzi kapena kuwiri kuli zii. Wa kiyibodi achotse phazi pa pedulo, wa ng'oma agwire simbo (mbale yachitsulo ya pa ng'oma) ndi dzanja kuti isapitirize kulira, oimba apume mosamveka. Chida chimodzi chikangolira, mpata wonsewo wawonongeka.

Kukweza kiyi ndi theka la sitepe (monga C kupita pa C♯) kapena sitepe yathunthu (C kupita pa D) kumathandiza, koma onani kaye noti yam'mwamba kwambiri. Ngati a soprano akuvutika kale kuifika, yambani nyimbo yonse pa kiyi yotsikirapo, apo ayi pachimake padzamveka kukuwa.

Mawu a nyimbo nawo asanjeni kuti noti yaitali kapena yokwera igwere pa liwu lonyamula nkhani, osati pa "ndi" kapena "kuti".

Mukamaliza, jambulani pa foni yoikidwa kumbuyo kwa chipinda, mawa lake mumvere muli nokha ndi pepala m'manja. Lembani sekondi imene maganizo anu anayamba kuyendayenda. Pamenepo chotsanipo chida chimodzi kapena dulani kubwereza kumodzi, mujambulenso.