Momwe mlimi angatetezere nkhumba zake ku matenda ochokera kunja kwa dziko

Matenda oopsa a nkhumba kawirikawiri sawoloka malire a mayiko paokha, koma amanyamulidwa ndi anthu, makamaka mu nyama, m'makombo a chakudya, pa nsapato ndiponso pa magalimoto. Oopsa kwambiri mwa onse ndi chigodola cha nkhumba, chomwe chinalembedwa koyamba ku Kenya mu 1921, ndipo chikalowa m'khola chikhoza kupha nkhumba zonse m'masiku owerengeka. Chigodola chilibe mankhwala ochiza, choncho ntchito yonse ya mlimi ili pa kuchitsekera kunja.

Yambani ndi chakudya, chifukwa mbiri ya matendawa ikuonetsa kuti njira imeneyi ndiyo yapweteketsa alimi ambiri. Chigodola chinafika ku Portugal mu 1957 nkhumba zitadyetsedwa makombo ochokera m'ndege pafupi ndi Lisbon, ndipo mu 2007 chinatulukira ku Georgia, komwe akatswiri amakhulupirira kuti chinabwera ndi zinyalala za m'sitima zapamadzi padoko la Poti. Kuchokera kumeneko chinafalikira ku Russia ndi kum'mawa kwa Ulaya, mpaka mu 2018 chinalowa ku China, dziko loweta nkhumba zochuluka kuposa lina lililonse. Nawo mliri wa zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi womwe unagwa ku Britain mu 2001, n'kuphetsa ziweto zoposa 6 miliyoni, unayambira pa famu ya nkhumba yomwe inkadyetsa makombo osaphikidwa. Kachilombo ka chigodola kamakhala ndi moyo kwa miyezi yambiri mu nyama yowumitsidwa, yofutsidwa ndi utsi kapena yosungidwa mufiriji, motero soseji imodzi yomwe mlendo wabwera nayo ndi yokwanira kutha khola lonse. Njira yabwino koposa ndi kusapatsa nkhumba makombo aliwonse okhala ndi nyama kapena ochokera kumalo odyera alendo. Ngati simungachitire mwina, wiritsani makombowo kwa ola lathunthu mukutakasa, kenaka muwasiye azizire asanaperekedwe.

Pogula nkhumba zatsopano, funsani komwe zachokera ndipo muone chilolezo choyendetsera ziweto chochokera kwa akuluakulu oona za umoyo wa ziweto. Nkhumba yotchipa modabwitsa, makamaka yodutsa njira zozembera chipata cha m'malire, muyikayikire, pakuti mliri ukabuka alimi ena amathamangira kugulitsa ziweto zawo zisanafe. Sindiwaweruza alimi oterewa, chifukwa mantha otaya chuma chonse ndi aakulu, koma kugulitsa kotereku ndi kumene kumanyamula matenda mtunda wautali. Nkhumba yogulidwayo ikhale payokha kwa masiku 30, kutali ndi zinzake, yokhala ndi ziwiya zakezake, ndipo muziisamalira pomalizira mukatha kudyetsa zina zonse. Masiku amenewa ndi ofunika chifukwa chigodola chimatha kubisala m'thupi kwa masiku 4 mpaka 19 chisanaonekere. Lamulo lomweli ligwirenso ntchito pa nkhumba yaimuna yobwereka kuti ikwere zazikazi.

Nkhumba zizikhala m'khola nthawi zonse, ndipo mpanda ukhale wolimba kuti zisakhudzane ndi nkhumba za eni kapena zakutchire. Mu Africa njiri ndi nguluwe zimasunga kachilomboka popanda kudwala, ndipo nkhufi zokhala m'mauna a njiri zimakapatsira nkhumba zoweta zikaziluma. Matani ming'alu ya m'makoma a khola kuti nkhufi zisowe pobisala.

Anthu olowa m'khola akhale okhawo ogwiramo ntchito. Ogula nkhumba ndi opha nyama amayenda makola ambiri pa tsiku limodzi, choncho aziima kunja kwa mpanda pamodzi ndi galimoto kapena njinga zawo, inu n'kuwatulutsira nkhumbayo. Khalani ndi jombo ndi zovala za m'khola mokha. Poviika mapazi pakhomo pamathandiza pokhapokha ngati matope ndi ndowe zayamba zatsukidwa, chifukwa mankhwala ophera tizilombo sagwira ntchito pa dothi lokakamira.

Muziyang'ana nkhumba zanu m'mawa ndi madzulo. Zizindikiro zofunika kuchitapo kanthu msanga ndi kutentha thupi kwambiri, kukana kudya, kuunjikana pamalo amodzi, kufiira kapena kuda kwa khungu la m'makutu, pamimba ndi m'miyendo, kutsekula m'mimba kwa magazi, kutaya bere ndiponso kufa mwadzidzidzi kwa nkhumba zingapo. Mukaona matuza pamphuno ndi pakati pa ziboda komanso kutsimphina, ganizirani za zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, zomwe zimagwiranso ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa.

Zikatere dziwitsani mlangizi kapena dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, ndipo pasatuluke nkhumba, nyama, manyowa ngakhale chiwiya chilichonse. Chigodola sichidwalitsa munthu, ndipo ichi ndicho chimanyenga ambiri kuti aphe nkhumba yodwala n'kugawa nyama yake, pomwe nyamayo ikupita kukapha nkhumba za anzawo. Mitembo ikwiriridwe m'dzenje lakuya lomwe agalu sangafukule, kapena iwotchedwe motsatira malangizo a dokotala. Khola litsukidwe, lipoperedwe mankhwala, ndipo likhale lopanda chiweto kwa masiku osachepera 40, kenaka muyikemo nkhumba zochepa zoyesera musanagule zambiri.