Musathamangire kufomata: konzani kaye mafayilo a Windows omwe awonongeka

Anthu ambiri akandibweretsera kompyuta yovuta, mawu awo oyamba amakhala akuti, "Achimwene, ingoifomatani." Zimandiwawa mtima, chifukwa kufomata, komwe ndi kufufuta zonse n'kuikanso Windows, kumapita ndi mapulogalamu omwe munthu anavutika kuwaika, makonzedwe a printa, mwinanso mafayilo antchito omwe anaiwala kusunga pena. Chonsecho kawirikawiri vuto limakhala loti mafayilo angapo a Windows awonongeka kapena asowa, ndipo zida zokonzera zili kale m'kompyutamo, zaulere.

Zizindikiro zake ndi izi: Start sakutseguka, Settings ikungodzitseka, File Explorer ikuuma, kapena Windows Update ikukana n'kumaonetsa nambala ngati 0x80073712. Kwathu kuno choyambitsa chachikulu ndi magetsi. Akathima update ili mkati molowa, fayilo imatsala yolembedwa theka. Zina ndi kuzimitsa kompyuta pokanikiza batani, hard disk yokalamba, mavairasi, ndi timapulogalamu tomati timayeretsa kompyuta koma tikufufuta zofunika.

Musanagwire china chilichonse, koperani zinthu zanu pa flash kapena pa hard disk yakunja. Ngati hard disk ikulira kuti kho kho mkatimo, imirani pomwepo, mungopulumutsa mafayilo basi, chifukwa kuifufuza kwambiri kukhoza kuimaliza. Ngati ili chete, dinani Start, lembani cmd, dinani pa Command Prompt (windo lolembamo malamulo) ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha Run as administrator. Mukapanda kutero malamulo onsewa akukanani. Yambani ndi ili:

chkdsk C: /scan

Likapeza zolakwika, lembani chkdsk C: /f, vomerani ndi Y, ndipo muyatsenso kompyuta kuti ikonze isanalowe mu Windows.

Tsopano pali zida ziwiri za Windows zokonzera mafayilo ake, DISM ndi SFC, ndipo ndimalimbikira kwambiri kuti muyambe ndi DISM. Chifukwa chake ndi ichi. SFC ikapeza fayilo yowonongeka, imakatenga yabwino mu foda ya C:\Windows\WinSxS, momwe Windows imasunga makope a mafayilo ake. Fodayi ili ngati nkhokwe: chimanga cha m'nkhokwemo chikafumbwa, ngakhale mukatape kangati, mubwera nacho chofumbwa chomwecho. DISM ndi imene imakonza nkhokweyo. Ndipo chonde musamafufute zinthu pamanja mu WinSxS pofuna kupeza malo, ngakhale ioneke yaikulu bwanji.

DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth

Lamuloli limatenga mafayilo abwino kudzera pa Windows Update, choncho mukhale ndi intaneti komanso bandulo yokwanira. Laputopu ikhale pa chaja, ndipo ngati ndi desikitopu yopanda UPS (batire losunga mphamvu magetsi akathima), sankhani nthawi imene magetsi sathimathima kwanuko. Pali malo amodzi pamene anthu amataya mtima: manambala amafika pa 62.3% n'kuima njii kwa nthawi yaitali. Siyafa ayi, ikugwira ntchito. Osatseka windo. Pa kompyuta yakale ya hard disk zikhoza kutenga ola kapena kupitirira. Ikamaliza bwino ikuuzani kuti "The restore operation completed successfully." Apo lembani:

sfc /scannow

Dikirani mpaka 100%, kenako werengani bwino zimene yalemba, poti yankho lili pamenepo. Ikati "did not find any integrity violations", mafayilo a Windows ali bwinobwino, vuto lanu lili kwina, mwina pa driver (kapulogalamu koyendetsa chipangizo monga printa) kapena pa pulogalamu inayake. Ikati "found corrupt files and successfully repaired them", yatsaninso kompyuta ndi kubwereza lamulolo kuti mutsimikize. Ikati "could not perform the requested operation", lowani mu Safe Mode, momwe Windows imayaka ndi zofunikira zokhazokha, mukayesere mmenemo. Yovuta ndi imene imati "was unable to fix some of them". Pamenepo tiyenera kudziwa fayilo imene yakanika. Zonse zimalembedwa mu C:\Windows\Logs\CBS\CBS.log, koma ndi yaitali zedi, ndiye tulutsani mizere ya SFC yokha motere:

findstr /c:"[SR]" %windir%\Logs\CBS\CBS.log >"%userprofile%\Desktop\sfc.txt"

Pa desikitopu pabwera sfc.txt. Itseguleni, fufuzani mawu akuti "Cannot repair", ndipo dzina la fayilo yovutayo muliona pamzere womwewo.

Nthawi zina DISM imene imakanika, n'kupereka 0x800f081f, kutanthauza kuti sinapeze kotenga mafayilo abwino. Apa mufunika ISO ya Windows (fayilo imodzi yokhala ndi zonse zoikira Windows) yochokera ku Microsoft, ndipo ikhale yofanana ndi imene ili m'kompyuta mwanu: Windows 10 kapena 11, 64-bit kapena 32-bit, chinenero chomwecho, mtundu womwewo. Lembani winver kuti muone wanu, mwachitsanzo 22H2. Njirayi imathandizanso amene bandulo ndi yowavuta, poti ISO imodzi ikhoza kukonza makompyuta angapo ofanana. Dinani kawiri pa ISO, iwoneka ngati drive yatsopano, tinene kuti E. Onani kaye nambala ya mtundu wanu, kaya ndi Home kapena Pro:

DISM /Get-WimInfo /WimFile:E:\sources\install.wim

Ngati Pro ili pa Index 6, lamulo likhala ili:

DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth /Source:wim:E:\sources\install.wim:6 /LimitAccess

ISO yopangidwa ndi Media Creation Tool, pulogalamu ya Microsoft yokoperera Windows, imakhala ndi install.esd m'malo mwa install.wim. Zikatero sinthani dzina la fayilo, ndipo pamene pali wim: lembani esd:. Mukatha, bwerezani sfc /scannow.

Ndinenepo za uthenga umene umasokoneza anthu ambiri. Mukutsegula pulogalamu kapena gemu, n'kutuluka kabokosi koti MSVCP140.dll kapena VCRUNTIME140.dll ikusowa. Munthu amathamangira pa Google, n'kupeza tsamba lopereka mafayilo oterewa, ma DLL, amodziamodzi, n'kuponya fayiloyo mu System32. Ndikukupemphani, musatero. Simukudziwa amene anaipanga, ndipo mavairasi ambiri amalowera njira imeneyi. Komanso mukhoza kuika ya 32-bit pamalo a 64-bit, poti mayina a mafodawa ndi onyenga: pa Windows ya 64-bit, System32 imasunga mafayilo a 64-bit, pamene a 32-bit amakhala mu SysWOW64. Mafayilo awiri aja SFC singawabwezere, chifukwa si a Windows yeniyeniyo. Amabwera ndi Microsoft Visual C++ Redistributable ya 2015 mpaka 2022. Itengeni patsamba la Microsoft, ngati Windows yanu ndi ya 64-bit ikani zonse ziwiri, x86 (ya 32-bit) ndi x64 (ya 64-bit), vuto latha. Magemu akale akamadandaula za d3dx9_43.dll, ikani DirectX End-User Runtime yochokera komweko.

Nanga kompyuta ikamakana kulowa mu Windows n'komwe? Ikalephera kuyaka kangapo motsatizana, imadzitengera yokha ku Automatic Repair. Mukhozanso kuyatsira pa flash ya Windows n'kusankha Repair your computer. Pitani pa Troubleshoot, Advanced options, Command Prompt. Chenjerani, mmenemu zilembo za ma drive zimasintha, Windows yanu ikhoza kukhala pa D osati pa C. Lembani dir C:\Windows kenako dir D:\Windows kuti muone pamene ili, ndipo ngati ndi D:

sfc /scannow /offbootdir=D:\ /offwindir=D:\Windows

Zonsezi zikakanika koma Windows ikutsegukabe, kufomata sikunafikebe. Tsegulani ISO ija muli mkati mwa Windows, dinani setup.exe, ndipo posankha zosunga onetsetsani kuti pali "Keep personal files and apps". Windows ilembanso mafayilo ake onse, koma zithunzi, makalata ndi mapulogalamu anu zikhala momwe zinalili. Njira imeneyi ndimaikonda kwambiri, yapulumutsa makompyuta ambiri omwe eni ake anali atawataya kale mumtima. Mawu aja akakhala otuwa osadinika, ndiye kuti ISO sikugwirizana ndi Windows yanu, pezani yoyenera musanapitirize.

Amene muli pa Windows 10 dziwani kuti Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 October 2025. SFC ndi DISM zikugwirabe ntchito, koma sungani ISO ya 22H2 pa flash, idzakuthandizani.

Mukakonza lero, pakatha milungu ingapo mafayilo n'kuwonongekanso, musangobwereza malamulo omwewa. Pali chimene chikuwawononga. Lembani mdsched kuti muyeze RAM (memory ya kompyuta), ndipo hard disk muiyeze ndi pulogalamu ya CrystalDiskInfo. Ikalemba Caution kapena Bad, koperani zanu tsiku lomwelo ndipo mugule SSD, disiki yamakono yolowa m'malo mwa hard disk, muikemo Windows.