Kapangidwe ka mpangankhani wanzeru koma woiwalaiwala wa nthawi ya Renaissance

Gulu lathu la masewero kuno ku Ndirande tinatha miyezi iwiri tikulimbana ndi mpangankhani mmodzi yekha, mmisiri wa ku Italy wa zaka za m'ma 1400, nthawi ya Renaissance pamene luso ndi maphunziro zinatsitsimuka ku Ulaya, uja mutu umagwira zoopsa koma sakumbuka ngati wadya kapena ayi. Poyamba tinamulemba ngati chitsiru basi, kugwa pampando, nsapato zosiyana, kufunafuna cholembera chili pakhutu. Titayesa mu holo ya kutchalitchi ana anaseka mphindi zisanu zoyamba kenako kunangoti zii, azimayi akumbuyo anayamba zocheza zawo. Zinandiwawa, ndinakamulembanso, ndiye zimene ndinapeza ndi izi, mwina zikuthandizani inu amene mukulemba nkhani yopeka kaya sewero la pawailesi kaya la kusukulu.

Choyamba chenicheni mvetsani chifukwa chimene munthuyu amaiwalira. M'mutu mwake mwadzadza, malo oika nkhani ya nsima kapena lendi mulibe. Ndiye paliponse pamene mwalemba kuti waiwala kanthu, inu wolemba mukuyenera kudziwa chimene akuganiza nthawi imeneyoyo. Ine ndimatenga kope ndikulemba mizere iwiri, pamwamba chimene waiwala, pansi chimene chamutenga mtima. Waiwala mphika pamoto, chifukwa akuyang'ana mmene nthunzi ikukankhira chivindikiro. Waiwala kuti bwana akumudikira, chifukwa panjira wapeza madzi amvula akuzungulira pamwala ndipo wakhala pansi kuwajambula. Mzere wapansi ukasowa, kuiwalako ndi kwabodza, fufutani.

Munthu amene aliyense amatengerako pankhaniyi ndi Leonardo da Vinci, anabadwa mu 1452 pafupi ndi kamudzi ka Vinci kufupi ndi Florence, anamwalira ku Amboise ku France mu 1519. Makope ake atsala masamba oposa 7,000 ndipo mukawaona mumadziwiratu kuti uyu sankayenda mzere umodzi. Tsamba limodzi lomwelo pali masamu, nkhope ya nkhalamba, gudumu la mano, mndandanda wa zogula. Pena anadzilembera kuti afotokoze mmene lilime la gogomole lilili. Tangoganizani, munthu wamkulu ali ndi ntchito za mafumu zikumudikira koma chikumusowetsa tulo ndi lilime la mbalame. Kameneko ndiye kamtima ka mpangankhani wanu. Mpatseni funso lake laling'ono lotero, limene anthu onse m'seweromo akuliona ngati lopanda ntchito, ndipo lizibwerabwera kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Pali nkhani ina imene anadzalemba munthu wina amene ali mnyamata ankaonerera Leonardo akugwira ntchito, ya nthawi imene Leonardo ankajambula Mgonero Womaliza pakhoma la chipinda chodyera cha amonke ku Santa Maria delle Grazie ku Milan, cha m'ma 1495 mpaka 1498. Akuti tsiku lina ankatha kujambula kuyambira mmawa mpaka mdima osadya osamwa, kenako masiku angapo osakhudza penti, kungoima manja atapinda kuyang'ana khoma, pena kutulukira masana dzuwa likuswa mtengo nkupaka kawiri katatu basi nkumapita. Onani mmene zilili ziwirizo, kulimbikira koiwala thupi ndi kuima chilili kooneka ngati ulesi, zonse zili mwa munthu mmodzi. Wanu akhale ndi zonse ziwiri. Ife titaika kachigawo kamene mmisiri wathu amangoima kuyang'ana khoma mphindi yathunthu osayankhula, holo yonse inakhala chete kudikira, ndipo ndi pomwe ndinadziwa kuti tamupeza.

Tsopano nkhani imene olemba ambiri amailumpha, ndipo kwa ine ndi yaikulu kuposa zonse, kuiwala kumapweteka anthu ena. Mu 1481 amonke a San Donato a Scopeto anamupatsa Leonardo ntchito yojambula chithunzi cha anzeru akummawa, iye anayamba bwinobwino nkusamukira ku Milan chisanathe, mpaka lero chili chosamaliza. Ku Milan kuja wolamulira Ludovico Sforza anafuna chifanizo cha hatchi yamkuwa yaitali mamita pafupifupi 7. Leonardo anatha zaka akujambula mahatchi, miyendo, minofu, mpaka mu 1493 anaonetsa hatchi yadongo anthu nkugoma, koma nkhondo itayandikira mu 1494 mkuwa uja, matani pafupifupi 70, unapita kukapangira mizinga, ndipo mu 1499 asilikali a ku France atalowa mumzindamo hatchi yadongo ija ankaphunzirirapo kulasa. Zaka zonse zija zinathera pomwepo. Ndiye mukamalemba dzifunseni kuti ndani akulipira kuiwala kwa munthuyu. Kodi ndi mayi wa nyumba amene miyezi itatu sanaone lendi, kodi ndi mnyamata wophunzira ntchito amene amagona ndi njala chifukwa ndalama ya buledi bambo agulira mbalame za m'khola nkuziulutsa (zimenezi zinalembedwadi za Leonardo, ankagula mbalame pamsika nkuzimasula), kodi ndi bwana amene analipira kale theka ndipo phwando lake ndi Loweruka. Owonera akamukonda mmisiriyu koma nthawi yomweyo nkumamvera chisoni mayi wa nyumba uja, sewero lanu lagwira.

Pamenepa musamusiye yekha, mpatseni mnzake woyenda naye amene mapazi ake ali pansi. Leonardo anali ndi kamnyamata kamene anakatenga mu 1490 kali ndi zaka 10, ankakatchula Salai, ndipo m'kope mwake anakalemba kuti ndi kakuba, kabodza, kamakani, kosusuka, koma anakhala nako zaka zoposa 25. Munthu wokumbuka kulemba ndalama iliyonse imene mwana waba koma osakumbuka kumuthamangitsa, eti. Wothandiza wotereyu ndi amene amanena zimene owonera akuganiza, ndi amene amafunsa kuti nanga tidya chani.

Ngati mukufuna kumuona munthu wotere ndi maso musavutike ndi intaneti, kwerani minibasi. Kumsika wa Ndirande kuseri kwa okhoma ndowa ndi mbaula, kapena ku Limbe kwa okonza mawailesi, alipo. Ine ndinakatula wailesi ya amayi anga kwa madala ena ake, vuto linali laling'ono, kawaya ka sipika. Nditabwerako patatha sabata ndinapeza wailesi ili chitsegulire pabenchi, tiyi wawo wazizira mukapu ntchentche itagweramo, iwo ali kalikiliki ndi kamota ka fani yakale akumangirira ku sipoko ya njinga kuti aone ngati kangayatse babu. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu asanandizindikire, kenako osapepesa nkomwe anangoti "Mwana wanga tagwira apa, usasunthe" ndipo ndinagwiradi waya mphindi khumi, babu linayaka pang'ono kofiira, nkhope yawo inawala kuposa babulo. Wailesi ndinakaitenga sabata yachitatu. Ndinakwiya inde koma mawu aja oti tagwira apa usasunthe ndinawaika m'sewero momwemo, chifukwa munthu wotere aliyense wolowa pakhomo amamuona ngati dzanja lachitatu. Pitani mukakhale pabenchi yotero ola limodzi, muone mmene amaikira sikuludiraiva pakamwa, mmene amayankhira funso limene munafunsa kalekale, zimenezo simungazipeke muli pampando kunyumba.

Kenako samalani za nthawi yake, apa ambiri timagwa. Kunalibe magetsi, kunalibe injini, ngakhale pensulo ngati yathuyi kunalibe, ankajambula ndi choko chofiira, makala, nthenga ndi inki. Mphamvu zinali za madzi, mphepo, ng'ombe, mahatchi, miyala yolendewera pachingwe ndi manja a anthu. Filippo Brunelleschi pomanga denga lozungulira la tchalitchi chachikulu cha Florence, kuyambira 1420 mpaka 1436, anapanga makina okwezera njerwa ndi miyala oyendetsedwa ndi ng'ombe, ndipo nzeru yake inali yoti ng'ombe izingozungulira mbali imodzi koma katundu azitha kukwera kapena kutsika pongosintha magiya, osamasula goli. Luso la nthawi imeneyo ndi lotero, matabwa, zingwe, magudumu a mano. Makina owulukira a Leonardo anatsalira papepala chifukwa minofu ya munthu ilibe mphamvu yokupiza mapiko onyamula thupi lake. Ndiye mmisiri wanu aloleni alephere, ndipo alephere pa chifukwa chenicheni, nzeru ilipo koma chitsulo chopepuka palibe, injini palibe. Pasiteji zimenezi ndi zotchipa, ife tinapanga mapiko ndi nsungwi ndi matumba a ufa, gudumu la mano tinadula pa katoni.

Ndipo musaganize kuti zoyesayesa zotere ndi za ku Italy kokha. Tchalitchi cha St Michael and All Angels pa HHI ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott amene sanaphunzire za zomangamanga, pamodzi ndi amisiri akuno, njerwa kuumba ndi kuotcha konkuno. Ine ndinatenga anyamata a gulu lathu kukaima pansi pake tisanayambe kuyeseza, kuti amve mmene zimakhalira munthu akaona chinthu m'mutu chisanakhalepo.

Za ndalama musaiwale. Mmisiri wa nthawi imeneyo ankadalira bwana, kaya mfumu, kaya papa, kaya wamalonda wolemera. Kalata imene Leonardo analembera Ludovico pofuna ntchito inadzadza ndi milatho yonyamulika, mizinga, ngolo zankhondo zotchinga, zoti amathanso kujambula anazitchula kumapeto kwenikweni. Ankadziwa chimene bwana akufuna kumva. Ndiye wanu asakhale mwana pa chilichonse, akhale wochenjera pofuna ntchito, vuto lizibwera ntchitoyo akaipeza. Palinso nkhani yakale yoti ku Rome Papa Leo X atamupatsa chithunzi choti ajambule, iye anayamba ndi kuphika vanishi wopaka chikatha, papa nkudandaula kuti uyu sadzamaliza kanthu poti akuganiza za kumapeto asanayambe. Kameneko mutha kukasintha kukhala kanu mosavuta.

Maonekedwe ndidutsapo mwachangu. Tsitsi losapesa ndi malaya othimbirira zatopetsa, ndipo Leonardo weniweni ankadziwika ndi kutchena, mkanjo waufupi wofiirira pamene ena ankavala italiitali, ndevu zosamalidwa, woimba bwino. Anali wamanzere, ankalemba kuchokera kumanja kupita kumanzere moti umafunika kalilole kuti uwerenge bwino, ndipo kakope kankakhala kolendewera palamba. Sankhanipo chimodzi kapena ziwiri. Dzina mpatseni la kwawo, "da Vinci" ndi kungoti wa ku Vinci, monga tinganene kuti wa ku Lunzu.

Mayankhulidwe ndiye pofunika kukhalapo pang'ono. Munthuyu samaliza ziganizo, koma osati mwachisawawa, amadukiza pamene diso lake lagwera pa kanthu. Komanso asiye ulemu pang'onopang'ono akatengeka, ayambe ndi "bwana" ndi "inu", nzeru ikamugwira aziyankhula ndi mfumu ngati mnyamata wake. M'sewero lathu muli kachigawo aka, mnyamata walowa akuthamanga.

"Bambo, abwana afika, ali pakhomo."

"Auze alowe. Iwe, unaonapo kuti nkhunda ikamatera mchira imautambasula chonchi?"

"Bambo, akufuna chithunzi cha akazi awo, analipira mwezi wa Marichi."

"Inde inde chithunzi, chili apo." Akuloza thabwa limene kumbuyo kwake wajambulapo mapiko khumi ndi awiri, kutsogolo kuli diso limodzi lokha la mayi uja, koma diso lokongola moti bwanayo atalowa ndi ukali anangoima kuliyang'ana.

Diso limodzilo ndi lofunika kwambiri. Owonera akuyenera kuona ndi maso awo kamodzi kuti munthuyu ndi namatetule zenizeni, apo ayi sangamvetse chifukwa chimene anthu onsewa akumupiririra. Osangoti apangankhani ena azinena kuti ndi wanzeru, onetsani.

Chomaliza chimene ndinaonjezera usiku womwe tinatsala pang'ono kuonetsa, ndinamupatsa chinthu chimodzi chimene saiwala ngakhale zitavuta bwanji. Wathu amaiwala kudya, amaiwala dzina la bwana, anaiwala ukwati wa mchemwali wake, koma madzulo aliwonse amathira madzi kamtengo ka mandimu kamene mayi ake anabzala, ndipo sitinafotokoze chilichonse, amangodzuka pakati pa zojambula zake nkutenga chikho. Tsiku la sewero, chigawo chomaliza, mapiko athyoka, bwana wamuchotsa ntchito, mnyamata akumanga katundu, iye anatenga chikho chija nkupita pakona ya siteji pamene tinaika kamtengo mu chitini cha penti. Mayi wina pabenchi yachiwiri ananena mokweza kuti "Ayi koma bambo awa" nkupukuta m'maso ndi chitenje.