Zida zopangira pulakatisi ya swing ya gofu, zoyamba nazo ndi zoti mudikire kaye

Funso limene ndimalimva kwambiri kwa anthu amene angoyamba gofu, olo amene asewera zaka ndithu koma handicap, nambala yoonetsa luso la wosewera, yangoima malo amodzi, ndi loti ndigule chani kuti swing yanga iwongoke. Nzomveka, mukatsegula YouTube kaya Facebook zida zake ndi mbwee, china chovala pamkono china chopana pakati pa mikono china cholira mukalakwitsa, ndipo chilichonse akuti chimathetsa slice, mpira wokhotera kumanja uli m'malere, pa sabata imodzi. Ine ndimati musagule kaye. Chida cha pulakatisi ntchito yake ndi kukuuzani zoona pa vuto limodzi basi, nde ngati vuto lanulo simukulidziwa ndalama zingopita, komanso zambiri mwa zidazi mutha kupanga nokha ndi zinthu zoti zili kale pakhomo. Zonse ndinene apazi ndi za munthu womenyera kumanja, amanzere muzingotembenuza.

Yambani ndi kudziwa pamene mpira ukugunda pa face ya kalabu, mbali ya mutu wake imene imamenya mpira. Ichi anthu amachidumpha koma chimaposa zonse. Tengani maka yolembera pa whiteboard, pakani pa face yonse ya driver, kalabu yaitali yomenyera patali, kapena 7 iron, kalabu yachitsulo yapakatikati, kapena matani masking tape, ena amafaira pauda ya spray ija ya kumapazi, kenako menyani mipira khumi osasintha kalikonse ndipo muziyang'ana chidindo chimene mpira wasiya. Mukapeza kuti zidindo zaunjikana ku heel, kufupi ndi shafiti kuja, dziwani kuti pa driver mpira wogunda ku heel umakhotera kumanja ndipo supita patali, pomwe wogunda ku toe, kunsonga, umakonda kukhotera kumanzere. Nde pali anthu ambiri amene akulimbana ndi mapewa ndi chiuno poganiza kuti swing yonse ndi yolakwika pamene nkhani ndi yoti akumenyera ku heel basi. Mankhwala ake ndi ma tee awiri, tizikhomo toikapo mpira, zikani ina kunja ina mkati mwa mpira, mpata wake ungoposa pang'ono mutu wa kalabu, ndiye muzidutsitsa kalabu pakati osagunda tee. Poyamba muzigwetsa pafupifupi shoti iliyonse, musakhumudwe, chepetsani mphamvu mpaka kalabu iyambe kudutsa bwinobwino kenako muziwonjezera pang'onopang'ono.

Chachiwiri ndi foni yanu yomweyo. Zimene thupi limamva ndi zimene likuchita zimasiyana kwambiri pa gofu, munthu amalumbira kuti kalabu waibweza pang'ono chabe koma pa vidiyo yadutsa mutu mpaka kuloza pansi. Koma pojambula samalani poika foni chifukwa mukaiika molakwika ikunamizani. Malo ndi awiri, kumbuyo kwanu molunjika ndi manja kuyang'ana komwe mpira ukupita, ndi kutsogolo kwanu moyang'anizana ndi chifuwa, ndipo konse kuwiri foni ikhale pa msinkhu wa manja anu mukagwira kalabu, osati pansi osati m'mwamba. Ngati mulibe tripod sanjani njerwa kapena itsamiritseni pa bag, bola isamagwedezeke ndipo malo akhale omwewo tsiku lililonse kuti muzitha kufananitsa. Ikani pa slow motion. Mukapatsa mnzanu kapena caddie kuti agwire m'manja mumuuze aime malo amodzi asamatsatire mpira.

Tsopano ndodo zolozera, zimene ku range, bwalo lochitira pulakatisi, amazitchula ma alignment stick. Kwa ine ngati pali chida chimodzi choti munthu aliyense akhale nacho ndi chimenechi. Zogula zimakhala za fiberglass zotalika pafupifupi mita 1.2, koma nsungwi yowongoka bwino, paipi yaing'ono ya PVC ya ku hadiweya, olo makalabu awiri amene simukuwagwiritsa ntchito zimagwira chimodzimodzi. Goneketsani imodzi kuseri kwa mpira kuloza ku tageti, ina kutsogolo kwa zala za kumapazi, ziwirizi ziyende ngati mizere iwiri ya m'munda, siikumana. Apa mpamene ambiri amasokoneza, amalozetsa mapazi ku mbendera, pamene choloza ku mbendera ndi mzere wa mpira, mapazi amayenera kuloza kumanzere kwake pang'ono. Mukalozetsa mapazi ku mbendera ndiye kuti thupi lonse layang'ana kumanja, maso akaona zimenezo manja amakoka kalabu kuchokera kunja kudula mpira kuti ubwerere kumanzere, slice ija imabadwira pamenepo ndipo munthu amatha zaka akuilimbitsa ku range osadziwa. Mukaima bwino ndi ndodozi tsiku loyamba mumva ngati mwaloza kumanzere kwambiri, khulupirirani ndodo osati maso.

Ndodo yachitatu ipingaseni pakati pa miyendo kuloza pa mpira kuti muziona mpira uli pati. Pa wedge, kalabu yaifupi yokweza mpira m'mwamba, ndi ma iron aafupi ukhale pakati, pa 7 iron patsogolo pang'ono, pa driver molunjika ndi chidendene cha kumanzere cha mkati. Mpira umasuntha okha pang'onopang'ono masabata akamapita inu osazindikira, nde kuyeza kumeneku muzichita pafupipafupi.

Ndodo yomweyo mutha kuizika pansi mopendeka, kumbuyo kwa mpira chakunja pang'ono, yopendeka ngati mmene shafiti yapendekera mukaima, kuti kalabu ikamatsika izidutsa kunsi kwake. Amene amadula mpira kuchokera kunja aigunda pompo. Koma chonde apa vekani nsongayo siponji kapena headcover, ndipo yambani ndi swing ya theka pang'onopang'ono, ndodo ya fiberglass ikathyoka imauluka ndipo diso silibwerera. Chifukwa chimene timavutikira ndi njira ya kalabu chonchi nchoti makina a radar ngati TrackMan, a kampani ya ku Denmark ija inayamba mu 2003, anaonetsa kuti komwe mpira ukuyambira kumadalira kwambiri komwe face yaloza pogunda, pa driver pafupifupi 85 peresenti, pomwe kukhota kumabwera chifukwa cha kusiyana kwa face ndi njira imene kalabu ikuyenda. Nde mpira ukamayambira kumanzere nkukhotera kumanja, njira ndi yochokera kunja ndipo face ndi yotseguka poyerekeza ndi njirayo. Ukamayambira kumanja nkupitirira kukhotera kumanja komweko, yambani mwaona giripu, kagwiridwe kanu ka kalabu, kaye musanazike ndodo iliyonse.

Za giripu zilipo zogula, labala youmbidwa kale yokhala ndi malo a chala chilichonse, mumaiveka pa kalabu yakale. Musaione ngati ya ana, Scottie Scheffler amene anapambana Masters mu 2022 ndi 2024 amaoneka nayo ku range akamatenthetsa thupi. Ngati simungaipeze jambulani madontho awiri pa glove, pa mfundo za chala cholozera ndi chapakati, mukayang'ana pansi mutagwira kalabu madontho onse awiri azioneka.

Thawulo nalo ndi chida, ndipo limagwira ntchito ziwiri. Yoyamba, liyaleni pansi kumbuyo kwa mpira, mpata wa chikhatho chimodzi kapena kuposa pang'ono, ndiye menyani ndi 8 iron kapena wedge osalikhudza. Iron imayenera kugunda mpira kaye kenako nthaka, divot, pomwe kalabu yakumba, iziyambira pomwe panali mpira kupita kutsogolo, nde ngati mukugunda pansi msanga thawulo liuluka ndipo simungadzinamize. Izi nzofunika kwambiri kwathu kuno miyezi ya September ndi October nthaka ikauma gwa, chifukwa pa fairway youma, njira ya udzu wometa yopita ku hole, kalabu yogunda kumbuyo imadumpha nkumenya mpira pamimba, umangothamanga pansi mpaka kudutsa green, malo osalala pomwe pali hole. Komanso amene mumapanga pulakatisi pa mat samalani, mat imabisa vutoli, kalabu imatsetsereka nkukafika pa mpira shoti nkuoneka yabwino, mukapita pa udzu zonse zimaonekera. Ngati muli pa dothi chabe jambulani mzere ndi tee, muzimenya opanda mpira nkumaona ngati kalabu ikukumba kutsogolo kwa mzere, ikamakumba kumbuyo nthawi zambiri ndiye kuti thupi latsalira pa mwendo wa kumanja, yesetsani kuti pogunda kulemera kukhale kwafika kale ku mwendo wa kumanzere.

Ntchito yachiwiri, lipindeni nkulipana m'khwapa zonse ziwiri modutsa pachifuwa, muzimenya ma swing a theka ndi wedge lisagwe. Limaphunzitsa mikono kuyenda limodzi ndi chifuwa. Koma pa swing yathunthu makamaka ya driver musalikakamize, mikono imayenera kukwera momasuka, mukalipana mpaka kumapeto swing imafupika ndipo sipidi imatha.

Chida china chimene ndimachikonda ndi impact bag, chikwama chomenya chija anachiyambitsa mphunzitsi wa ku America Gary Wiren. Chogula chimabwera chopanda kanthu mkati, mumadzaza nokha, nde palibe chifukwa choitanitsira kunja, tengani saka yolimba kapena chikwama chakale cha jinzi mudzaze zovala zakutha ndi matawulo, mumange pakamwa. Mchenga ayi, utuchi wonyowa ayi, muthyola shafiti komanso mupweteka mkono pamene timavala wotchi paja. Chiikeni pomwe pamakhala mpira, chitsamire khoma kapena tayala, ndipo muzimenya ndi mphamvu ya theka nkuima pomwe mwagundapo osabweza. Mukaima dziyang'aneni, manja akhale patsogolo pa mutu wa kalabu molunjika ndi ntchafu ya kumanzere, kuseri kwa dzanja la kumanzere kukhale kowongoka osati kopindikira m'mwamba, lamba wayamba kale kutembenukira ku tageti, face yagunda chikwama yonse osati nsonga yokha. Khalani choncho masekondi atatu thupi lizolowere. Amene amakonda kutapa mpira ndi manja kuti ukwere chimawathandiza msanga, chifukwa amayamba kumva kuti chokweza mpira ndi loft ya kalabu, kupendeka kwa face yake.

Za sipidi ndi tempo, kutanthauza nthawi yokweza ndi kutsitsa kalabu, ndizidutsa mwachangu chifukwa ambiri sanafikepo. Orange Whip, ndodo yofewa ija ya kampira kolemera kunsonga, ndi yabwino kwa amene amathamangira kutsitsa kalabu, imakukakamizani kudikira. SuperSpeed ndi ndodo zitatu, ziwiri zopepuka kuposa driver ina yolemerako pang'ono, mumazizunguza ndi mphamvu zonse kuti thupi lizolowere kuthamanga. Zimagwira ndithu koma nzodula ndipo ngati mpira mukumenyerabe ku heel sipidi yowonjezera ingoupititsa patali m'tchire, komanso amene msana kapena chigongono chimavuta aonane kaye ndi adokotala. Pakadali pano tembenuzani driver mugwire kumutu, zunguzani ndipo mumvetsere kulira kwa mphepo, kuzimveka pomwe pali mpira kupita kutsogolo osati kumbuyo kwa phewa la kumanja. Pa tempo akatswiri ambiri nthawi yokweza kalabu imakhala yotalika pafupifupi katatu kuposa yotsitsa, nde werengani mumtima wani thu fili pokweza, folo pogunda.

Amene mukufuna neti pakhomo ganizirani bwino. Mpira wa gofu sulemera kuposa magalamu 45.93 koma ukachoka pa driver umaswa windo ndipo ungavulaze munthu koopsa. Shade net ya ku nazale imathandiza ngati mwaipinda kawiri kapena katatu nkuipachika molendewera, mukaikunga mpira umabwerera kwa inu kapena kuboola, ndipo isiyane ndi khoma mita imodzi olo kuposa. Muziiyendera ngati yayamba kutha ndi dzuwa. Ngati pakhomo pali ana kapena nyumba zayandikana gwiritsani mipira ya siponji basi, thawulo ndi ma tee zija zimagwirabe ntchito ndi mipira imeneyo.

Kagwiritsidwe kake ndiye nkhani yaikulu. Sankhani vuto limodzi ndi chida chimodzi, mukhale nazo masabata angapo, osati lero thawulo mawa chikwama mkuja zina zimene mwaona pa TikTok. Mukakhala ku range, kaya ku Lilongwe Golf Club kaya ku Blantyre kaya kulikonse kumene mumamenyera, menyani mipira itatu ndi chida kenako itatu popanda, muzisinthana choncho, chifukwa thupi likazolowera kuti pali ndodo yolondolera limasochera ndodoyo ikachoka. Mipira khumi yomaliza chotsani zonse, sinthani kalabu ndi tageti pa shoti iliyonse ngati muli pa kosi, pamenepo mpamene mudziwe ngati zalowa. Ndipo ngati mungakwanitse lesoni olo imodzi kwa pro wa pa kalabu yanu pitani ndi mavidiyo aja, akuuzani vuto loyambira nalo msanga kuposa kungoganizira nokha.

Pomaliza za malamulo, izi zagwetsa anthu pa mpikisano. Lamulo 4.3 la R&A ndi USGA, mabungwe oyendetsa malamulo a gofu, sililola kugwiritsa ntchito zida za pulakatisi mkati mwa round, ndodo zolozera mutha kukhala nazo mu bag ndipo siziwerengedwa pa makalabu 14 amene mumaloledwa kunyamula, mutha kudziwongolera nazo msana, koma kuigoneka pansi kuti muloze kapena kupanga nayo practice swing ndi chilango cha ma stroke awiri pa stroke play, pomwe amawerenga ma shoti onse, kapena kuluza hole pa match play, pomwe mumapikisana hole ndi hole, mukabwereza mwachotsedwa mu mpikisano. Kalabu ija mwaiveka giripu youmbidwa imawerengedwa pa 14 ndipo simuloledwa kumenyera shoti, nde mukamaliza kutenthetsa thupi ku range ibwezereni m'galimoto musanapite pa tee yoyamba.