Kusiyanitsa streptolysin O ndi S: ndondomeko yachidule

Mwafunsa kuti bakiteriya wanu wa Streptococcus pyogenes akuphulitsa maselo ofiira a magazi, koma simukudziwa kuti ndi poizoni uti pa awiriwa, streptolysin O kapena streptolysin S. Chitani chonchi.

Yambani ndi magazi a nkhosa. Tsukani maselo ofiira katatu m'madzi a PBS (madzi amchere osaphulitsa maselo) a pH 7.4, mpaka madzi apamwamba atayera mbee. Apa musathamange: akakhala ofiirira, ndiye kuti maselo ayamba kale kusweka ndipo zotsatira zanu zidzanama. Kenako sungunulani maselowo mu PBS akhale 2 peresenti.

Gawani sampulo yanu yochokera ku bakiteriyayo m'machubu anayi. Loyamba lisiyeni lokha. Lachiwiri thirani mankhwala otchedwa DTT (dithiothreitol), lachitatu DTT ndi kolesiterolo, lachinayi utoto wa trypan blue. Onjezani machubu awiri oyerekezera: PBS yokha, ndi madzi a distilled omwe amaphulitsa maselo onse. Thirani maselo ofiira aja m'machubu onse, sungani pa 37 °C kwa mphindi 30, zungulizani pa centrifuge (makina okhazika maselo pansi), ndipo muwerenge kufiira kwa madzi apamwamba pa makina oyeza kuwala, pa 540 nm.

Tsono powerenga. Streptolysin O imafooka ikakhudzana ndi mpweya wa okosijeni, DTT n'kuidzutsa. Ngati ndi iyoyo, mudzaona chubu lachiwiri litafiira piriwiri. Kolesiterolo amaitsekereza, chifukwa ndiye chogwirira chake pa khungu la selo. Streptolysin S siisamala mpweya kapena kolesiterolo, koma trypan blue amaizimitsa.

Chonde, valani magolovesi, ndipo zonse zotsala zilowe mu autoclave (makina ophera tizilombo ndi nthunzi) musanazitaye.